Mitanda Inayi ndi Zipata Zisanu: Mbiri ya Mzinda wa Bury St Edmunds

Kum'mawa kwa dziko la England, m'chigawo cha Suffolk, kuli mzinda wotchedwa Bury St Edmunds. Si mzinda waukulu ayi, ndipo kapena ambiri a inu, abale, simunamvepo dzina lake. Koma mbiri yake inasungika bwino koposa ya mizinda yambiri ya dziko limenelo, pakuti eni ake kwa zaka zoposa 500 anali amonke, anthu odziwa kulemba ndi osamala makalata onena za chuma chawo. Mmodzi wa iwo, Jocelin wa ku Brakelond, analemba zochitika za m'nyumba yawo kuyambira chaka cha 1173 kufikira cha 1202, ndipo m'buku lakelo muli mlandu wa munthu wina dzina lake Ketel. Tiyambe ndi mlandu umenewu.

Ketel anali mfulu, koma nyumba yake inali kunja kwa chipata cha mzinda, pa malo oyang'aniridwa ndi mmonke wosunga nkhokwe ndi minda. Tsiku lina anamuneneza kuti waba. Mwambo wa kunja kwa linga unali wakuti munthu woimbidwa mlandu wotere amenyane ndi womunenezayo pamaso pa bwalo, ndipo wogonja ndiye wolakwa. Pakuti anthu ankakhulupirira kuti Mulungu sangalole wosachimwa kugwa, monga momwe makolo athu ankakhulupirira mwavi. Ketel anagonja, ndipo anamunyonga. Pamenepo anthu a m'kati mwa mzinda anayamba kuwatonza amonke, nanena kuti munthuyo akadakhala m'kati mwa linga sakadamenyana konse, koma akadaitana anansi ake kuti alumbire kuti iye si mbala, ndipo akadapulumuka, popeza umenewo ndiwo unali ufulu wa okhala m'kati.

Chimene chinapha Ketel sichinali umboni, koma mbali ya linga imene khomo lake linapenya. Mkulu wa amonke wa masiku amenewo, Abbot Samson, pamodzi ndi amonke ena anzeru, anaona kuti chitonzocho chinali choona, ndipo anakonza kuti anthu awo okhala kunja kwa zipata aziweruzidwa monga anzawo a m'kati. Komabe alimi a ku Hardwick ndi ena onga iwo, amene sanali mfulu, anawasiya monga analili. Malire sanachotsedwe, anangosunthidwa pang'ono.

Tsono malire amenewa anachokera kuti? Chiyambi chake ndi manda a munthu mmodzi. Edmund anali mfumu ya East Anglia, ndipo anaphedwa ndi ankhondo a ku Denmark m'chaka cha 869. Posakhalitsa anthu anayamba kumuyesa woyera wofera chikhulupiriro, ndipo patapita zaka makumi angapo anatengera mtembo wake ku kamudzi kotchedwa Beodricsworth, m'mbali mwa mtsinje wa Lark. Kamudziko kanataya dzina lake ndi kutenga la wakufayo. M'chaka cha 1020, m'masiku a Mfumu Cnut, mandawo anaperekedwa m'manja mwa amonke a chipani cha Benedict Woyera, ndipo kuyambira pamenepo dziko lozungulira silinayesedwenso la munthu wamoyo, koma la Edmund mwini. Abbot anali kapitao chabe wa mwini malo amene ali m'manda.

Mwini malo ameneyu ankaopedwa kwambiri. Mbiri inkamveka ponseponse yakuti Sweyn, atate wake a Cnut, anafa mwadzidzidzi m'chaka cha 1014 atafuna msonkho kwa anthu a Edmund, ndi kuti woyerayo ndiye anamubaya ndi nthungo. M'chaka cha 1153 Eustace, mwana wa Mfumu Stephen, anafunkha minda ya amonkewo, ndipo patangopita masiku owerengeka iyenso anamwalira. Kaya munthu akhulupirira kuti imfa zimenezi zinali chilango kaya ayi, mafumu a nthawi imeneyo anakhulupirira, kapena anaona kuti ndi nzeru kuchita ngati akhulupirira. Mantha amenewa ndiwo anali maziko enieni a linga lililonse limene titchule.

Mfumu Edward the Confessor, amene analamulira kuyambira 1042 kufikira 1066, anapatsa Abbot ulamuliro wa mabwalo a milandu m'dera lonse la kumadzulo kwa Suffolk, ndipo malire a dera limenelo anakhalitsa kotero kuti West Suffolk inali ndi khonsolo yakeyake kufikira chaka cha 1974. Koma malire otikhudza ife pa nkhani ino ndi apafupi. Pozungulira mzinda, mtunda wa ngati mailo imodzi kuchokera ku manda, panaimikidwa mitanda inayi, ndipo m'kati mwa mitanda imeneyi nduna ya mfumu yotchedwa sheriff sinkaloledwa kugwira munthu kapena kulanda katundu. Ngakhale oweruza a mfumu oyendayenda, pobwera kudzamva milandu ya dera lija, ankakhala ku Cattishall, kunja kwa malirewo. Bishopu nayenso analibe mphamvu m'menemo. Bishopu Herfast anafuna kuika mpando wake ku Bury, chinthu chimene chikadasandutsa Abbot munthu wake. Koma Abbot Baldwin anapita ku Roma m'chaka cha 1071 nabwerako ndi kalata ya Papa Alexander II, ndipo m'chaka cha 1081 Mfumu William I anagamula mlanduwo mokomera amonke. Olowa m'malo a Herfast anakakhazikika ku Norwich.

Baldwin ameneyu, munthu wa ku France amenenso anali sing'anga wa mafumu, ndiye anapima mzinda umene ulipo lero. Buku lalikulu la kalembera wa dziko lotchedwa Domesday, la chaka cha 1086, limanena kuti nyumba 342 zinamangidwa pa malo amene zaka 20 zapitazo anali minda yolimidwa. Misewu inalembedwa yowongoka, yopingasana monga mizere ya m'munda wa fodya, ndipo siinangogwa mwangozi. Msewu wa Churchgate unalunjika pa khomo lalikulu la kachisi wa amonke, amene pambuyo pake kutalika kwake kunapitirira mafiti 500. M'masiku a Abbot Anselm, pakati pa 1121 ndi 1148, anamanga nsanja yamiyala pamapeto pa msewuwo kuti ikhale chipata cholowera ku kachisi, ndipo munthu wotuluka m'nyumba yake m'mawa maso ake ankatsogozedwa ndi msewu womwewo kufikira pamalo pogona mwini mzinda. M'masiku omwewo mzinda unazingidwa ndi linga ndi ngalande, nukhala ndi zipata zisanu. Alonda a zipata zinayi ankachokera mwa anthu a mumzinda, koma chipata cha kum'mawa, choyandikana ndi nyumba za amonke, Abbot anachisunga m'manja mwake. Kunja kwa zipata kunamangidwa nyumba za odwala, zina mwa izo za akhate. Samson anamanga ya St Saviour kunja kwa chipata cha kumpoto. Ndipo m'kati mwa zonsezi munali linga lina, lozinga malo a amonke okha.

Tisafulumire kunena kuti anthu a mumzinda anali oponderezedwa chabe. Mitanda inayi ija inkawatchinjiriza kwa sheriff ndi ku mabwalo akutali. Alendo odzapembedza pa manda a Edmund ankagula chakudya, nsalu ndi malo ogona. Ndipo msika waukulu wa chaka ndi chaka, pa bwalo la patsogolo pa chipata cha amonke, unkakoka amalonda a ku London ndi a kutsidya kwa nyanja. Ambiri analemera. Koma chilichonse chimene anali nacho chinali ndi chingwe chake, ndipo nsonga ya chingwecho inali m'kati mwa linga la amonke.

Mmonke wosunga kachisi ndiye anali mfumu ya mzinda m'malo mwa Abbot. Iye ankasankha akapitao a mzinda, ankalandira lendi ya nyumba ndi msonkho wa pamsika, ndipo pa zauzimu ankagwira ntchito imene kwina konse inali ya nduna ya bishopu, kotero kuti milandu ya maukwati ndi ya chuma cha masiye inkapita kwa iye yemweyo. Zizindikiro za ukapitao zinali makiyi a mzinda ndi lipenga la nyanga loitanira anthu ku bwalo, ndipo kapitao ankazilandira kuchokera m'manja mwa amonke. Wosunga nkhokwe anali ndi zake. Kale nyumba iliyonse inkatumiza munthu kukamweta tirigu wa amonke. Pambuyo pake thangata ameneyu anasanduka kobiri limodzi pa nyumba, lolipidwa kumayambiriro kwa August. Olemera anayamba kuzemba, ndipo mmonkeyo poyenda kukatolera ankalanda chikole m'nyumba za osauka, pena mafuwa achitsulo, pena chitseko chenichenicho. Jocelin akusimba kuti amayi okalamba ankatuluka ndi ndodo zawo zopotera ubweya namuopseza ndi kumulalatira m'misewu. Samson anathetsa manyazi amenewa povomera kuti mzinda wonse uzilipira masheleni 20 pa chaka. Ngakhale ndowe za m'misewu zinali ndi mwini wake, pakuti wosunga nkhokwe ankati manyowa amenewo ndi a minda ya amonke.

Ndiponso mphepo. Pafupi ndi chaka cha 1191 wansembe wina wokalamba, Herbert, anamanga chigayo choyendera mphepo pa malo ake ku Haberdon. Samson atamva anapsa mtima kotero kuti analephera kudya. Herbert anadandaula kuti mphepo ndi yaulere, ndi kuti angofuna kugaya tirigu wake yekha. Koma Abbot anayankha kuti anthu a mumzinda adzathamangira kumeneko ndipo zigayo za amonke zidzasowa ntchito, ndi kuti m'kati mwa malire a Edmund palibe womanga chinthu chotere popanda chilolezo. Nkhalambayo inathamangira kwawo ndi kugwetsa chigayocho ndi antchito ake omwe, kotero kuti otumidwa kukachigwetsa anapeza palibe kanthu.

Koma chimene chinamanga anthu koposa zonsezi ndi malo opembedzera. Mzinda wonse unali ndi matchalitchi awiri a anthu wamba, la St Mary ndi la St James, ndipo onse awiri anamangidwa pa malo a amonke, m'mphepete mwa linga lawo. Ansembe ake ankaikidwa ndi amonke. Manda a anthu onse analinso m'kati momwemo. Taganizani, abale: munthu wa ku Bury sakadatha kubatiza mwana, kumanga ukwati kapena kuika maliro a amake popanda kuponda pa nthaka ya mbuye wake wa lendi. Ndipo popeza manda amenewo anali bwalo lalikulu lapafupi ndi matchalitchi, anthu ankasonkhana pomwepo pa masiku a chikondwerero. Chaka china, tsiku lotsatira Khirisimasi, kunali masewera ndi kulimbana pa mandapo pakati pa antchito a Abbot ndi anthu a mumzinda. Mawu anabala nkhonya, ndipo nkhonya zinabala magazi. Samson analembetsa maina a onse, ndipo masiku asanu a chikondwererocho sanaitane munthu wa mumzinda aliyense ku gome lake monga ankachitira zaka zonse. Pa tsiku loikika anamva mboni 16 zolumbira, ndipo makandulo atayatsidwa anawadula onse olakwawo mu mpingo, kuyambira antchito ake omwe. Amuna oposa 100 anavula malaya m'nyengo ya chisanu nagona chafufumimba pa khomo la kachisi. Abbot atawaona analira. Anakwapulidwa nakhululukidwa, ndipo masewera a pamanda analetsedwa. Pa mlandu umenewu sitingathe kusiyanitsa wansembe ndi mfumu, pakuti anali munthu mmodzi, ndipo chilango chake chinagwira thupi ndi mzimu pamodzi.

Tiyenera kumuchitira chilungamo Samson, pakuti nthawi zina iye ndiye ankaletsa amonke ake. M'chaka cha 1192 amonke anadandaula kuti mizinda yonse ya England ikupindula, koma Bury ikulipirabe mapaundi 40 pa chaka monga kale, chonsecho anthu adzaza msika ndi timasitolo ndi zisakasa popanda chilolezo cha amonke. Anthu anayankha kuti malo amene munthu wakhalapo chaka ndi tsiku limodzi popanda womutsutsa sangalandidwe. Samson anauza amonke kuti sangachotse mfulu pa malo awo popanda chiweruzo cha bwalo. Anthu anapereka masheleni 100 pa chaka kuti nkhani ithe. Amonke anakana, poyembekeza kuti Abbot wina wam'tsogolo adzawapezera zambiri, ndipo anataya ndi masheleni 100 omwewo.

Pa gulu lina la anthu Samson analibe chifundo chotere. Ku Bury kunali Ayuda, obwereketsa ndalama, ndipo amonke anali nawo ngongole zazikulu kuyambira masiku a Abbot Hugh. Jocelin akudandaula kuti nthawi imeneyo Ayuda ankalowa ndi kutuluka momasuka m'nyumba ya amonke, kuti ndalama zawo zinkasungidwa mosungira chuma cha kachisi, ndi kuti pa nthawi ya nkhondo akazi ndi ana awo ankabisala m'kati mwa linga. Kunena kwina, linga lomwelo linali pothawira pawo. M'chaka cha 1181 kunamveka bodza lakuti Ayuda apha kamnyamata kotchedwa Robert, ndipo amonke anaika kamnyamatako m'kachisi monga wofera chikhulupiriro. Pa Lamulungu la Kanjedza, m'mwezi wa March 1190, Ayuda 57 anaphedwa mumzindamo. Samson sanateteze otsalawo. Anapita kwa Mfumu Richard I ndi mfundo ya malire: munthu aliyense wokhala m'kati mwa mitanda inayi ayenera kukhala munthu wa Edmund, Ayuda ndi anthu a mfumu, ndipo sangakhale a Edmund, chotero achoke. Mfumu inalola. Anawatulutsa ndi asilikali owaperekeza, atatenga katundu wawo ndi mtengo wa nyumba zawo, ndipo kunalengezedwa kuti wolandira Myuda mumzindamo adzadulidwa mu mpingo. Oweruza a mfumu anangowonjezera kuti Myuda wobwera ku bwalo la Abbot kudzafuna ngongole yake angathe kugona masiku awiri, nachoka tsiku lachitatu. Jocelin anawerengera ntchito imeneyi pakati pa zabwino za mbuye wake. Ife sitingathe kutero.

Si Ayuda okha amene anakanidwa malo. M'chaka cha 1257 abale a chipani cha Francis Woyera, alaliki osauka okondedwa ndi anthu wamba, analowa mumzinda ndi kalata ya Papa nachita Misa m'nyumba ya munthu wina. Amonke anawathamangitsa. Chaka chotsatira anabwereranso ndi mphamvu ya Mfumu Henry III, nakhala zaka zisanu; koma Papa wina, Urban IV, atalowa, analamulidwa kuchoka, ndipo m'chaka cha 1263 anatuluka. Amonke anawapatsa malo ku Babwell, kuseri kwa chipata cha kumpoto, kunja kwa malire. Akhristu okhaokha, a mpingo umodzi, analimbana zaka zonsezi pa funso lakuti guwa la nsembe lingaime mbali iti ya mtanda wa m'mbali mwa msewu. Chifukwa chake sichovuta kuchiona: kumene anthu apembedza ndi kumene amapereka zopereka ndi kuika maliro awo, ndipo guwa losakhala la Abbot likadakhala khomo loyamba losatsekedwa ndi kiyi wake.

Tsono tifike pa chimene chinkawawa anthu a mumzinda koposa. Mizinda yoyandikana nayo inali ya mfumu, ndipo mfumu imasowa ndalama. Norwich inagula kwa Richard I m'chaka cha 1194 ufulu wosankha akapitao ake. Ipswich inalandira kalata yotere kwa Mfumu John m'chaka cha 1200. Amalonda a ku Bury, olemera monga anzawowo, ankaona zimenezi ndi maso. Koma mbuye wawo sanali mfumu imene imafa, imasauka ndi kugulitsa. Abbot aliyense ankalumbira kusunga chuma cha Edmund chosachepa, ndipo ngakhale akadafuna kupereka kanthu, amonke ake akadati wapereka chimene si chake. Kupatulika komwe kunatsekera sheriff kunja ndiko kunatsekera anthu m'kati.

M'chaka cha 1264, dziko lili pa nkhondo ya Henry III ndi nduna zake, anyamata ngati 300 anapanga gulu lawo, nakana kumvera lipenga la bwalo, napeza lipenga lawolawo, natseka zipata za mzinda pamaso pa Abbot. Akuluakulu a mzinda anachita mantha nathetsa gululo. Koma taonani zimene anyamatawo anagwira: lipenga ndi zipata, zizindikiro zomwe zija za ulamuliro.

Chimkuntho chenicheni chinafika m'chaka cha 1327, pamene Mfumu Edward II ankachotsedwa pa mpando ndipo dziko linalibe dzanja loligwira. M'mwezi wa January anthu ngati 3,000 anathyola chipata chachikulu cha amonke. Anatenga golide ndi nsalu, inde, koma anafunafuna makamaka makalata a malo ndi a ngongole. Wachiwiri kwa Abbot, Peter de Clopton, pamodzi ndi amonke ena anawatsekera m'Guildhall, nyumba yosonkhanamo amalonda. Abbot Richard de Draughton atabwera kuchokera ku London anamukakamiza kudinda kalata yopatsa mzinda bungwe lakelake, chidindo chake, ufulu wosankha mkulu wake ndi ulonda wa zipata. Mtsogoleri wawo anali John de Berton. Abbot atangobwerera ku London anakana kalatayo, nati anaidinda mwa mantha, ndipo chipolowe chinabuka kachiwiri ndi kachitatu. Ansembe ena a m'midzi anagwirizana ndi anthu, ndipo abale aja a ku Babwell sanabise mbali imene mtima wawo unali.

M'mwezi wa October amonke ndi antchito awo, atatenga zida, anagwera anthu ali m'tchalitchi pa mapemphero. Amene anakwapula amuna 100 chifukwa cha magazi a pamanda, olowa m'malo awo anabwera ndi malupanga m'nyumba ya Mulungu. Anthu anabwezera potentha nyumba zambiri za m'kati mwa linga, nkhokwe, makola ndi malo ogona alendo, nafunkha minda ya amonke yoposa 20 m'midzi yozungulira, natenga ng'ombe, nkhosa ndi tirigu. Pamenepo amonke, amene zaka mazana atatu anakana sheriff kuponda m'kati mwa mitanda yawo, anapulumutsidwa ndi sheriff yemweyo ndi asilikali a mfumu. Ngolo 30 zodzaza akaidi zinapita ku Norwich, ena ananyongedwa, ndipo mzinda unagamulidwa kulipira mapaundi 140,000, ndalama zimene sukadatha kuzipeza ngakhale utagulitsa nyumba zonse.

Nkhani siinathere pomwepo. John de Berton anathawa m'ndende nakabisala kwa abale a ku Babwell, kunja kwa malire a Abbot. M'mwezi wa October 1328 iye ndi anzake anagwira Abbot Richard pa nyumba yake ya ku Chevington, anamutengera ku London, anamuwolotsa nyanja, namusunga ku Diest m'dziko la Brabant, limene lero lili mbali ya Belgium, kufikira chaka chotsatira. M'chaka cha 1331 Mfumu Edward III anayanjanitsa mbali ziwirizo. Dipo lalikulu lija linatsitsidwa kufika pa mamaki 2,000, ndiwo mapaundi 1,333 ndi masheleni pang'ono, olipidwa m'zaka 20. Koma kalata ya 1327 inafafanizidwa ngati siinalembedwepo.

Chipata chimene chinathyoledwa chinamangidwanso, nichitha pafupi ndi chaka cha 1350, ndipo chilipo kufikira lero. Ndi chokongola kunja, chokhala ndi timapanga m'khoma moimikamo mafano a oyera. Koma kuseri kwa mafanowo omanga anasiya timipata toponyera mivi, ndipo pakhomo anaika chitseko chachitsulo chotsika kuchokera kumwamba. Mivi imeneyo siinayang'ane mdani wochokera kutsidya kwa nyanja, inayang'ana pa bwalo la msika. Ndiponso popeza anachimanga pambali pa mabwinja a chakale, chipatacho sichilunjikanso pa msewu wa Abbeygate monga anapimira Baldwin. Woyenda pa msewuwo lero amachiona chitapatuka pang'ono.

M'chaka cha 1381, pa kuwukira kwakukulu kwa alimi a England, magazi anakhetsedwanso. Wachiwiri kwa Abbot, John wa ku Cambridge, anaphedwa pafupi ndi Mildenhall, ndipo Sir John Cavendish, mkulu wa oweruza a mfumu, anaphedwa ku Lakenheath. Mitu yawo anaiimika pa msika wa Bury, ndipo amonke anakakamizidwanso kutulutsa makalata awo. Mfumu pokhululukira mizinda ina inasiya Bury kunja kwa chikhululukirocho, ndipo mzinda unalipanso mamaki 2,000.

Chimene anthu analephera kuchita m'zaka mazana atatu, Mfumu Henry VIII anachichita ndi kalata imodzi. M'mwezi wa November 1539 Abbot wotsiriza, John Reeve, anapereka nyumba ya amonke kwa nduna za mfumu. Mtovu wa padenga unasasulidwa, miyala inagulitsidwa, ndipo anthu a mumzinda anamangira nyumba zawo miyala ya kachisi. Ena anamanga nyumba m'khoma lenileni la kumaso kwa kachisiyo, ndipo anthu akukhalamo mpaka lero. Kumene kunapita mafupa a Edmund sikudziwika. Komabe mzinda sunalandire ufulu wake tsiku lomwelo, pakuti mphamvu za Abbot zinangopita kwa mfumu. Kalata yolola anthu a ku Bury kukhala ndi bungwe lodzilamulira inaperekedwa ndi Mfumu James I m'chaka cha 1606, patapita zaka 279 chidindire Richard de Draughton kalata ija mokakamizidwa. Matchalitchi awiri a anthu wamba anapulumuka. La St James linasanduka likulu la dayosizi yatsopano m'chaka cha 1914, ndipo bishopu anaika mpando wake m'kati mwa mitanda inayi, patapita zaka 833 chigonjere Herfast pa mlandu wake.